Mjigo wa m'mbali mwa msewu

Msonkhano udachitikira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu ya pulaimale, Loweruka masana. Nkhani inali ya golosale yaikulu imene wamalonda wina akufuna kumanga pamalo opanda kanthu aja a m'mbali mwa msewu wa tala, moyang'anizana ndi siteji ya minibasi. Ambiri adabwera atasangalala kale. Ndani safuna kugula shuga, sopo ndi mafuta ophikira pafupi, osawononga ya minibasi kupita m'tauni? Anyamata ankawerengera ntchito. Eni nyumba za lendi ankawerengera zawo chamumtima.

Kenaka adaimirira mayi wina wachikulire amene zidzukulu zake zimadumpha msewu umenewo tsiku lililonse popita kusukulu. "Amfumu, ine sitoloyo sindikuikana ayi," adatero. "Ndingofunsa, geti lake liyang'ana kuti?" Ena adaseka. Bambo wina kumbuyo adaponya mwambi, "Amayi, walira mvula walira matope!" Anthu adaomba m'manja ngati nkhani yathera pomwepo. Pobalalika ndidamva anyamata awiri akunena kuti agogowo ndi odana ndi chitukuko.

Ine ndikuti pa onse amene adayankhula tsikulo, agogo aja okha ndiwo adafunsa funso la mainjiniya. Kuti timvetse chifukwa chake sipofunika digiri ya ku MUBAS. Tingokumbukira zimene zimachitika m'mudzi akakumba mjigo watsopano.

Asanabwere okumba, pamalopo pamakhala tchire, mwina podyetsera mbuzi. Ukatha mwezi umodzi chiyambireni kupopa, taonani njira. Zachokera kumtunda, kumunsi, kuseri kwa tchalitchi, zonse kudzakumana pamodzi ngati mizu ya kachere. Palibe adazilemba papepala. Mapazi adasankha okha podutsa pafupi, ndipo imodzi yang'amba pakati pa munda wa chinangwa wa munthu. Mwini munda amatchingira ndi minga, m'mawa mwake amapeza mingayo ili pambali. Mjigo sumangopereka madzi, umasintha kayendedwe ka mudzi wonse.

Boma limawerengera kuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250. Koma anthu 250 amenewo sabwera mogawana tsiku lonse. Amabwera mbandakucha, amabweranso dzuwa likapendeka, ndipo mzere wa ndowa ndi zigubu umafika mpaka panjira. Mlendo wodutsa pamjigopo dzuwa lili paliwombo angalumbire kuti palibe vuto lililonse, chifukwa apeza kamwana kamodzi kakusewera ndi chogwirira.

Golosale yaikulu ndi mjigo wa m'tauni. Imaitana anthu, ndipo imawaitana mwamphamvu kuposa pafupifupi nyumba ina iliyonse ya msinkhu wake. Ku America kuli bungwe la Institute of Transportation Engineers limene lakhala likuwerenga magalimoto olowa ndi kutuluka pa nyumba zosiyanasiyana kwa zaka zambiri. Chiwerengero chawo cha masupamaketi tikachitembenuzira ku miyeso yathu chimabwera pafupifupi ulendo umodzi wa galimoto patsiku pa sikweya mita iliyonse ya sitolo. Ndiye kuti sitolo ya masikweya mita 1,500 kumeneko imabala maulendo pafupifupi 1,500 olowa kapena kutuluka. Kwathu kuno magalimoto sangafike pamenepo chifukwa eni magalimoto ndi ochepa. Koma musapume msanga. Amene ku America akadabwera atatsekeredwa m'chitsulo, kuno abwera wapansi, panjinga yakapalasa, kapena atakhala kumbuyo kwa kabaza wopanda chisoti. Chiwerengero cha anthu chingakhale chomwecho, kungoti athuwa abwera ndi thupi lokha.

Ndipo nawonso ali ndi mbandakucha wawo. Ndi madzulo anthu akaweruka kuntchito, Loweruka m'mawa, kumapeto a mwezi malipiro akalowa, ndi sabata ya Khirisimasi. Aliyense amene adayesapo kudutsa pa Chichiri mu Blantyre tsiku limene mwezi watha, kwinaku pa Kamuzu Stadium pakusewera Bullets ndi Wanderers, akudziwa kuti msewu wa Masauko Chipembere wa Lachiwiri m'mawa ndi wa tsiku lotere ndi misewu iwiri yosiyana, ngakhale phula lake ndi limodzi.

Komabe kuchuluka kokha sindiko kumapha. Apa ndi pamene ambiri amasochera, otsutsa ndi ovomereza omwe. Amakangana za nambala ya magalimoto pamene nkhani yagona pa kudutsana kwa njira.

Bwererani pamjigo paja. Panjira yochokera kumtunda anthu amayenda motsatizana ndipo sagundana. Kugundana kumachitika pakhomo pa mpanda, pamene wotuluka ndi ndowa yodzaza akumana ndi wolowa ndi yopanda kanthu, mwana akuthamanga modutsa pakati pawo, mnyamata wa wilibala akufuna kutembenuka. Msewu wowongoka umene magalimoto amangodutsa uli ngati njira ya kumtunda ija. Mukaboola geti m'mbali mwake mwapanga mphambano, ngakhale simuitchula choncho. Mainjiniya a misewu amawerenga malo amene njira za magalimoto zimadutsana, kuphatikana kapena kupatukana. Pa mphambano ya njira zitatu malo oterewa ndi 9. Getilo likayang'anizana ndi msewu wina kutsidya, n'kukhala mphambano ya njira zinayi, malowo salumphira pa 12 monga mungaganizire, amafika 32. Pa raundabauti ya njira zinayi zomwezo amatsika kufika 8. Ndipo kuwerenga konseku ndi kwa magalimoto okhaokha, woyenda pansi sadalowemo.

Choopsa kwambiri pa zonsezi ndi kukhotera kumanja. Poti timayenda kumanzere, wofuna kulowa m'sitolo imene ili kudzanja lake lamanja ayenera kuima pakati pa msewu, indiketa ikuphethira, kudikira mpata pakati pa magalimoto obwera kutsogolo. Kumbuyo kwake kwaima minibasi imene kondakitala wake akumenya chitseko. Dalaivala wa minibasi sadikira. Amatsikira kumanzere, kufumbi, n'kumudutsa, ndipo kufumbi kumeneko ndi kumene kumayenda ana a sukulu. Wokhota uja naye akatopa kudikira amalowa pa mpata wosakwana. Wotuluka m'sitolo ali ndi lake vuto. Mpanda wa njerwa, chikwangwani cha malonda ndi minibasi yoima pageti zamutchinga, ndiye amatulutsa mphuno ya galimoto pang'onopang'ono mpaka italowa kale mumsewu, apo ndi pamene amaona chimene chikubwera. Funso lakuti geti liyang'ana kuti ndi limeneli.

Tsopano muyang'aneni mayi amene wasenza ndowa. Malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20 pamutu. Mukamuitana kumbuyo satembenuza khosi, amatembenuka thupi lonse, pang'onopang'ono, dzanja lili kundowa. Sangathamange, sangabwerere m'mbuyo mwadzidzidzi. Wotuluka m'golosale kumapeto a mwezi ndi yemweyo: thumba la ufa pankhata, mwana kumbuyo, majumbo m'manja monse, wina wamng'ono atagwira nsonga ya chitenje. Munthu wamphamvu wopanda katundu amadumpha msewu wa mamita 7 pa masekondi pafupifupi 6. Pa masekondi 6 omwewo galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita 100, kutalika kwa bwalo la mpira. Ndiye kuti mayi uja poponya phazi loyamba, galimoto imene ili ku golo ya kutsidya yamupeza kale, ndipo iye ndi katundu wake masekondi 6 samukwana. Kukada n'kovutirapo, chifukwa maso a munthu amalephera kuyeza liwiro la nyali ziwiri zimene zikubwera molunjika.

Pano fanizo langa la mjigo likuperewera, ndipo ndivomere. Pamjigo anthu akagundana amatayika ndi madzi, ena amatukwanizana, mawa amapatsana moni. Pamsewu chimene chimalowererapo ndi liwiro. Dalaivala wamaso akaona mwana, pamapita pafupifupi sekondi imodzi phazi lisanafike pa buleki. Pa liwiro la 30, galimoto imayenda mamita 8 m'sekondi imeneyo, n'kuwonjeza ena 5 mabuleki akugwira, ndipo yaima pa mamita 13. Pa liwiro la 50, sekondi yoyamba yokha imadya mamita 14. Pamalo pamene galimoto ya 30 yaima kale, ya 50 ija dalaivala wake sanayambe n'komwe kuponda buleki, ndipo mwana amugunda ndi liwiro lonse. Mphamvu ya kugundako sikwera mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization lakhala likunena kuti woyenda pansi wogundidwa pa liwiro la 30 kawirikawiri amapulumuka, pamene kupitirira 45 kapena 50 mwayi wake umatsika kwambiri. Msonkhano wa maiko wa ku Stockholm mu 2020 udagwirizana kuti pamene anthu ndi magalimoto amasakanikirana, liwiro lisapitirire 30. Lipoti la World Health Organization la 2023 lidati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo kwa a zaka 5 mpaka 29 palibe matenda amene amapha kuposa msewu.

Msewu umene ukudutsa pafupi ndi sukulu yathu uli ndi chikwangwani cha 50, koma poti ndi wowongoka ndipo apolisi a kamera saimapo kawirikawiri, amene amatsata chikwangwanicho ndi ophunzira kuyendetsa okha.

Palinso china chimene mjigo umaphunzitsa, chimene pulani ya mmisiri siionetsa. Pomwe pasonkhana anthu pamabwera malonda. Sipatha sabata, pamjigo pakhala wogulitsa mandasi, wina wayala tomato, anyamata ayamba kutungira anthu madzi pa mtengo. Papepala la golosale mudzaona nyumba, malo oimika magalimoto olembedwa mizere bwinobwino, ndi timitengo tobiriwira. Simudzaonapo njinga zakabaza zitandandalika pageti penipeni, kanyumba ka Airtel Money ndi Mpamba, chiwaya cha tchipisi, amayi a nthochi ndi masamba, anyamata oitanira, ngakhale minibasi imene yasamutsa siteji yake kudzaima pamene pali makasitomala. Onsewa adzabwera, ndipo ine sindikuwadzudzula. Akutsata ndalama monga mwini sitolo akutsatira ndalama. Koma akapanda kupatsidwa malo adzakhala pa mpata wokhawo umene watsala, umene ndi m'mphepete mwa phula, pomwe woyenda pansi amayenera kudutsa ndi pomwe dalaivala amayenera kuonera. Woyenda pansi uja adzakankhidwira mumsewu.

Zimenezi tikuzidziwa bwino pa M1. Lizulu, Tsangano, Bembeke, Jenda, paliponse pamene msika udakumbatira msewu. Malamulo amasiya mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu waukulu ngati umenewu, koma tomato sagulitsika pa mamita 30. Mu 2019 thiraki idalowa pakati pa anthu pa msika wa Kampepuza ku Ntcheu n'kupha anthu oposa khumi nthawi imodzi. Ambiri adakamba za thirakiyo ndi dalaivala wake. Ochepa adafunsa kuti zidatheka bwanji kuti khamu lotere likhale poti galimoto ikalephera kuima ilibe kwina kopita.

Za mathiraki obweretsa katundu ndingokhudzako. Ali ngati ngolo ya ng'ombe imene yabwera ndi migolo pamjigo nthawi ya mzere. Thiraki yaitali pokhota imayamba yatulukira mbali ina, matayala akumbuyo n'kudula pakona, ndipo pobwerera m'mbuyo dalaivala saona chilichonse chofupika ngati mwana. Ikamalowera geti limodzi ndi ogula, ngozi yangotsala tsiku.

Tibwerere kwa bambo wa mwambi uja. Walira mvula walira matope, zoona. Koma ndani adaonapo mudzi wanzeru ukuvomera kuti pamjigo pakhale chithaphwi chifukwa cha mwambi? Okumba odziwa ntchito sachoka asanawake simenti kuzungulira pampu, asanakonze ngalande yotaya madzi patali ndi dzenje lomwera madziwo, pochapira pambali, ndi mpanda woletsa ziweto. Ndipo chachikulu chimachitika makina asanalire: amfumu, komiti ndi okumba amayendera malo, kuona kuti pali patali ndi zimbudzi, patali ndi manda, pofikika kwa onse. Mjigo ukakumbidwa polakwika simungaunyamule. Mmera mpoyamba.

Golosale nayo ili ndi simenti yake ndi ngalande yake, ndipo si zamatsenga. Geti likhoza kuyang'ana ku kamsewu ka m'mbali m'malo mwa msewu waukulu, kuti okhota akhotere pa mphambano imene ilipo kale. Likakhala pa msewu waukulu, msewuwo ukuzidwe pamenepo kuti wokhotera kumanja akhale ndi mpata wake wodikirira. Mathiraki akhale ndi khomo lawo kuseri. Minibasi ikhale ndi potsikira pake kunja kwa phula, kabaza ndi ogulitsa apatsidwe malo mkati mwa pulani, osati kuwathamangitsa pambuyo pake ndi zikwapu za khonsolo. Powolokera pakhale pokwera ngati hampu, osati utoto woyera wokha umene umafufutika mvula imodzi, ndipo pakati pa msewu pakhale kachilumba ka simenti kuti mayi wosenza uja adumphe theka, apume, ayang'ane mbali imodzi yokha, n'kumaliza. Nyali ziwale pamenepo usiku. Koposa zonse, powolokerapo paikidwe pamene mapazi akufuna kudutsa. Mukapaika mamita 200 kumtunda chifukwa ndi pamene pakomera wojambula, mwabwereza nkhani ya minga m'munda wa chinangwa. N'chifukwa chake milatho yokwera ya oyenda pansi sindiikhulupirira kwenikweni. Nkhalamba, wolumala ndi wa njinga yodzaza makala sakwera masitepe, amadutsa pansi pake, pamene dalaivala akuthamanga podziwa kuti anthu ali kumwamba.

Zinthu zazing'onozi zimagwira ntchito, ndipo umboni wake suli kutali. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend lidayendera sukulu za pulaimale zimene ana ake ankagundidwa kwambiri, n'kuikapo mahampu, powolokera, tinjira ta oyenda pansi ndi zikwangwani, kwinaku likuphunzitsa anawo. Atafufuza poyerekeza ndi sukulu zimene sizidalandire zimenezi, adapeza kuti kuvulala kwa ana kudatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Alipire ndani? Abale athu amene ali ku England adzakuuzani kuti kumeneko sitolo yaikulu ngati Aldi kapena Lidl ikafuna kumanga, mikangano ya magalimoto ndi yomweyi, koma lamulo lawo la misewu la 1980, pa gawo 278, limapereka njira yoti womanga alipire yekha kukonzedwa kwa msewu wa boma pamene sitolo yake yausokoneza: maloboti, powolokera, mpata wokhotera. Nzeru yake ndi ya pamjigo yomwe ija, yakuti ngalande ndi gawo la ntchito ya wokumba. Kwathu kuno nyumba yotere simangidwa popanda chilolezo cha khonsolo motsatira lamulo la mapulani la 2016, ndipo kuboola khomo pa msewu waukulu kumakhudza a Roads Authority. Chilolezo chikhoza kuperekedwa ndi mfundo zoti womanga akwaniritse. Nthawi yokhayo imene mudzi uli ndi mphamvu ndi pamene chilolezocho chisanasainidwe. Sitolo ikatsegulidwa, pempho la hampu limasanduka kalata yodikira bajeti, ndipo kawirikawiri imayankhidwa maliro atachitika, anthu okwiya atakumba okha msewu ndi makasu.

Womanga akabwera ndi lipoti lakuti akatswiri adawerenga magalimoto ndipo msewu ukwanitsa, musachite nalo mantha chifukwa cha kunenepa kwake. Mufunseni ngati mmene mungafunsire mlendo uja wa dzuwa lili paliwombo. Adawerenga tsiku lanji, nthawi yanji? Sukulu inali yotsegula? Adawerenga magalimoto okha, kapena ndi njinga ndi anthu omwe? Adayeza liwiro lenileni limene magalimoto amadutsira, kapena adangokopera nambala ya pachikwangwani? Malipoti ambiri otere amayankha funso lakuti dalaivala adzachedwa masekondi angati, limene ndi funso losiyana ndi lakuti mwana adzafika kutsidya.

Ndisakondere mbali imodzi. Si onse olira za ngozi amene akulira za ngozi. Pamsonkhano paja panali eni maokala awiri amene nkhawa yawo ya ana a sukulu idabadwa tsiku limene adamva za mitengo ya shuga ya sitolo yatsopano. Komanso sitolo yapafupi imachotsa maulendo ena pamsewu, chifukwa amene ankakwera minibasi kukagula m'tauni tsopano adzangoyenda, ndipo ambiri mwa magalimoto olowa pageti ndi amene amadutsa kale pamenepo popita kwawo. Wonena kuti golosale idzadzaza msewu wonse akukokomeza. Koma galimoto imene dzulo inkangodutsa, mawa idzaima, idzakhota, idzatulukanso, ndipo ndi pamenepo pamene agogo aja adaloza chala.

Lachisanu lotsatira ndidawapeza ataima pamalopo nthawi yoweruka ana. Opima malo anali atakhoma kale zikhomo zopaka utoto wofiira, ziwiri mwa izo motalikirana ngati m'lifupi mwa geti. Adandikodola. "Bwerani kuno achimwene, muone." Pakati penipeni pa zikhomo ziwirizo panali kanjira kopyapyala, kosalala ndi mapazi, kochokera kumpanda wa sukulu, kudula tchire lonselo, n'kukathera pa phula moyang'anizana ndi siteji. Tili chiimire, gulu la ana a yunifolomu lidatsika nako, wamkulu atagwira dzanja la wamng'ono, n'kuima m'mphepete kudikira thiraki ya simenti idutse.

"A khansala alonjeza kubwera ndi pulaniyo Loweruka likubwerali," adatero agogowo akukonza mpango. "Ndawauza kuti asabwere nayo kusukulu. Abwere nayo pompano, tidzaitambasule pakanjirapa."